Kontrakiti ya zinyalala ya ku Nottinghamshire: ufulu woona mabuku a khonsolo utakumana ndi chinsinsi cha kampani

Mu 2006 khonsolo ya Nottinghamshire County Council ku England inasainirana kontrakiti ndi kampani ya Veolia yoti izisamalira zinyalala za m'chigawo chonsecho kwa zaka 26. Inali kontrakiti ya mtundu wa PFI. Mu dongosolo limeneli kampani imadzipezera yokha ndalama zomangira malo ogwirira ntchito, imawayendetsa, ndipo khonsolo imalipira mwezi ndi mwezi mpaka kontrakiti itatha. Mtengo wake wonse unkatchulidwa kuti ndi pafupifupi £850 miliyoni. Mwa zoyenera kumangidwa munali ng'anjo yaikulu yotenthera zinyalala n'kumapanga magetsi, pamalo pomwe kale panali mgodi wa malasha wa Rufford, pafupi ndi Rainworth, m'dera la nkhalango ya Sherwood.

Anthu ambiri a kumeneko ng'anjoyo sanaifune, ndipo anapanga gulu lolimbana nayo. Mmodzi wa iwo, bambo yemwe m'lipoti lino tizingomutcha wopempha, ankafuna kudziwa chomwe khonsolo inalonjeza kulipira ndi momwe malipirowo amawerengedwera. Mbali yaikulu ya kontrakitiyo inali itatuluka kale poyera, koma pomwe panali manambala panali pofufutidwa. Mawu a mgwirizano analipo, ndalama zokha n'zomwe kunalibe.

Khomo lomwe linalibe mlonda

Amene timagwira ntchito yoyankha mapempho a anthu ofuna kuona zikalata m'makhonsolo tinazolowera makomo awiri. Loyamba ndi Freedom of Information Act 2000, lomwe pa gawo 43 limalola kukana ngati kuulula kungawononge malonda a wina, bola phindu la anthu onse pa kubisako lipose la kuulula. Lachiwiri ndi Environmental Information Regulations 2004, lomwe limagwira nkhani za chilengedwe, ndipo kontrakiti ya zinyalala pafupifupi yonse imagwera kumeneko. Makomo onsewa ali ndi mlonda: pali zifukwa zokanira zolembedwa, pali Information Commissioner, mkulu woyang'anira malamulo awiriwa, wokadandaulako, pali tribunal yochitirako apilo.

Wopemphayu anadzera khomo lachitatu, lakale kuposa onsewo. Chiyambi chake chili m'malamulo osamalira osauka a mu 1844, ndipo panthawiyo linali pa gawo 15 la Audit Commission Act 1998. Gawoli linkanena kuti pa oditi ya chaka chilichonse, munthu aliyense wokhudzidwa atha kuona maakaunti omwe akufufuzidwa, pamodzi ndi mabuku, zikalata, makontrakiti, mabilu, mavawucha ndi malisiti onse okhudzana nawo, ndiponso atha kukopera. Nthawi yake inali masiku 20 ogwira ntchito pachaka. Choletsa chokhacho cholembedwa m'gawolo chinali cha nkhani za munthu payekha, monga za antchito a khonsolo. Za chinsinsi cha malonda, ziii.

Pakati pa 2009, nthawi yoona maakaunti a chaka cha 2008/09 itatsegulidwa, iye anapempha zinthu zamitundu iwiri: zowonjezera za kontrakiti zofotokoza njira yowerengera malipiro ndi yodulira ndalama kampani ikalephera kufikira miyezo, komanso ma invoisi apamwezi pamodzi ndi matebulo omwe amaperekeza ma invoisiwo. Onani kuti sanapemphe kontrakiti yonse mwachisawawa. Analoza penipeni pomwe panafufutidwa, ndipo chilichonse chomwe anatchula chinali chomangirizika ku ndalama zomwe zinatuluka m'thumba la khonsolo chaka chimenecho.

Funso loti kodi iye ndi munthu wokhudzidwa silinavute, poti anali wovota wa m'chigawocho. Cholinga chake nachonso sichinali chifukwa chomukanira. Mu 2004, pa mlandu wa HTV ndi Bristol City Council, High Court inali itanena kale kuti kampani ya wailesi yakanema yolipira msonkho wa malo m'deralo ili ndi ufulu woona mabuku, ngakhale kuti chomwe inkafuna chinali nkhani ya pulogalamu yake. Choncho mawu oti "ameneyu akungofuna zida zomenyera ng'anjo" analibe mphamvu, ngakhale akanakhala oona.

Chisankho cha khonsolo

Khonsolo inaunika gawo 15, inaona kuti ilibe pothawira, ndipo inadziwitsa Veolia kuti ipereka zikalatazo. Apa ndi pamene nkhani inakhotera koyamba, ndipo anzanga apantchito muyenera kupaona bwino. Khonsolo inachita zinthu ziwiri zomwe ambiri timazisokoneza: inapanga yokha chisankho, kenako inauza kampani isanachite. Sinafunse kampani chilolezo, komanso sinaidzidzimutse. Mpata umenewu ndi womwe unalola Veolia kuthamangira kukhoti, kukapempha kuti chisankhocho chiunikidwe, ndi kutenga chiletso choimitsa kaye kuulula.

Ena amaona ngati khonsolo inadziputira mlandu. Ayi. Chinsinsi chili ngati madzi, akatayika sawoleka. Khonsolo ikanapereka mapepalawo mwakachetechete, khoti n'kudzanena pambuyo pake kuti inalakwa, pakanatsala kulipira chipukuta misozi basi, kuwonjezera apo n'kukhala zaka zoposa makumi awiri ndi mnzake wa mgwirizano yemwe sakuikhulupiriranso. Ikanakana chifukwa choopa kampani, bwenzi wopemphayo ndi amene anaitengera kukhoti, ili mbali yolakwa ya lamulo monga linalembedwera. Njira yomwe inatenga inasiya kampani, yomwe imadziwa bwino chomwe ingataye, kuti ikadzifotokozere yokha pamaso pa woweruza. Wopemphayo analowa mlanduwo ngati wokhudzidwa, mothandizidwa ndi maloya a bungwe la Friends of the Earth. Audit Commission, bungwe lomwe linkayang'anira oditi ya makhonsolo, nayo inalowamo.

Ku High Court, October 2009

Mfundo yaikulu ya Veolia inali pa tanthauzo la mawu. Inati maakaunti ofufuzidwa ndi chikalata chachidule chija chomwe khonsolo imasindikiza kumapeto kwa chaka, chokhala ndi mitu ikuluikulu ya ndalama, ndipo chikalata china chingatchedwe chokhudzana nacho pokhapokha ngati chatchulidwamo. Kukanakhala choncho, invoisi ya mwezi umodzi sikanalowamo, chifukwa chidule cha pachaka sichitchula ma invoisi.

Woweruza anakana. Anati maakaunti ndi zolemba zonse zosonyeza kayendedwe ka ndalama za khonsolo m'chakacho, kuphatikizapo leja yaikulu, ndipo kukhudzana ndi nkhani yongoona ngati pali ulusi weniweni pakati pa chikalata ndi zolembedwazo. Invoisi yomwe inalipidwa ili ndi ulusi umenewo. Ndime ya kontrakiti yomwe inabala nambala ya pa invoisiyo ilinso nawo. Pa za chinsinsi, woweruzayo anavomereza kuti kampani ili ndi chifukwa chomveka chodandaulira, koma anati Nyumba ya Malamulo inatchula choletsa chimodzi chokha, ndipo si ntchito ya khoti kuwonjezera chachiwiri. Dandaulo la Veolia linagwa, ndipo zikalata zoyambazo zinaperekedwa.

Kwa chaka chathunthu lamulo ku England linaima motere: chomwe khonsolo ikanakana kupereka pansi pa gawo 43 mu January, inayenera kuchipereka chonse nthawi ya oditi ikakwana, kwa munthu yemweyo, bola watchula lamulo lina pamwamba pa kalata yake. Makampani omwe ankadalira ndime za chinsinsi za m'makontrakiti awo anazindikira kuti ndimezo zinamangidwa poganizira makomo awiri aja okha.

Ku Court of Appeal, October 2010

Pofika ku khoti la apilo mkangano unali utalowa pansi. Sunalinso pa zomwe khonsolo inalipira zokha ayi, unafika pa zikalata zosonyeza m'mimba mwa kampani: financial model, ndiye kuti tebulo lalikulu lowerengera ndalama zolowa ndi zotuluka za ntchito yonse kwa zaka zonse za kontrakiti, komanso phindu lomwe kampani inadziikira.

Veolia inabwera ndi zida zatsopano. Inatchula malamulo a European Union a za ma tenda, omwe amaletsa boma kuulula zinsinsi zomwe opikisana alipatsa, pamodzi ndi chigamulo cha khoti la European Union la ku Luxembourg cha mu 2008 pa mlandu wa Varec. Inatchulanso European Convention on Human Rights, makamaka Article 1 ya Protocol yoyamba, yoteteza katundu wa munthu kapena kampani.

Oweruza atatu anagwirizana ndi High Court pa tanthauzo la maakaunti ndi la kukhudzana. Pamenepo wopempha anapambananso, ndipo mfundoyi ikugwirabe ntchito. Koma pa chinsinsi anatembenuza. Anati chidziwitso chamalonda chachinsinsi chomwe chili ndi mtengo ndi katundu, ndipo boma silingalande katundu wotere popanda kuyeza ngati kulandako kukulingana ndi cholinga chake. Pogwiritsa ntchito gawo 3 la Human Rights Act 1998, lomwe limalamula makhoti kuwerenga malamulo mogwirizana ndi maufuluwo pomwe kuli kotheka, anawerenga gawo 15 ngati kuti lili ndi choletsa chomwe sichinalembedwe. Sanati chinsinsi chimapambana nthawi zonse. Anati pafunika sikelo, chikalata ndi chikalata.

Ndiye ndani anapambana? Aliyense anatuluka ndi kanthu m'manja. Wopempha anali ataona kale njira ya malipiro ndi ma invoisi. Kampani inapeza chitetezo cha zomwe zinali zamtengo wapatali kwa iyo. Yemwe anatsala ndi katundu pamutu ndi khonsolo, chifukwa kuyambira pamenepo ofesala wa zachuma, yemwe kale ankangotulutsa mafayilo n'kuika patebulo, anayenera kuyamba kugwira sikelo, m'masiku owerengeka a oditi, popanda Information Commissioner womuwongolera.

Zomwe zinatsatira

Ng'anjo ya ku Rufford sinamangidwe. Pambuyo pa kafukufuku wapoyera, nduna yoona za maboma aang'ono inakana chilolezo chomangira mu 2011, ndipo zina mwa zifukwa zinali zoteteza malo a mbalame zosowa za m'dera la Sherwood. Chigamulo chimenecho chinali cha malamulo a mapulani a malo, osati cha zikalata, choncho tisanamizane kuti ma invoisi ndiwo anagwetsa ng'anjo. Koma kugwa kwake kunachititsa kuti kontrakiti yomwe inamangidwa modalira ng'anjoyo ikambidwenso, ndipo pa nthawi ngati imeneyo m'pamene anthu amafunitsitsa kudziwa kuti mgwirizano woyamba unaika chiopsezo pa phewa la yani.

Nyumba ya Malamulo inatenga zomwe khoti la apilo linanena n'kuzilemba. Local Audit and Accountability Act 2014, yomwe inathetsa Audit Commission mu 2015, inasunga ufulu woona mabuku pa gawo 26, n'kuwonjezera kuti munthu sangaone mbali ya chikalata yotetezedwa ndi chinsinsi cha malonda. Kuti mbaliyo itetezedwe pafunika zinthu ziwiri pamodzi: kuulula kuwononge chinsinsicho, ndiponso pasakhale phindu la anthu onse loposa kuwonongako. Mawu oti mbali ndi ofunika kwambiri. Lamuloli sililola kubisa chikalata chonse chifukwa cha mizere itatu. Nthawi yoona mabuku inakwera kufika masiku 30 ogwira ntchito pansi pa Accounts and Audit Regulations 2015, ndipo mu 2017 ufuluwu unafikiranso atolankhani, kuphatikizapo odzilembera okha pa intaneti, ngakhale asakhale m'dera la khonsoloyo.

Sikelo ija pogwira ntchito

Chomwe mlanduwu unasiya poyera ndi mzere wodutsa pakati pa zinthu ziwiri zomwe makampani amakonda kuzimanga mtolo umodzi. Chomwe khonsolo ikulipira, chomwe ikulandira posinthana nacho, miyezo yomwe kampani inalonjeza, ndalama zomwe zinadulidwa italephera, ndi zomwe zingachitike mgwirizano ukatha msanga, zonsezi ndi nkhani ya ndalama za anthu. Momwe kampani inafikira pa mtengo wake, zomwe imalipira makampani oithandiza, chiwongoladzanja chomwe inagwirizana ndi mabanki, luso lake la makina, ndi phindu lake, izi n'zomwe wopikisana naye angagwiritse ntchito pa tenda yotsatira. Gulu loyamba nthawi zambiri limatuluka. Lachiwiri nthawi zambiri limatetezedwa. Ntchito yeniyeni ili pakati, pa mitengo ya chinthu chimodzi chimodzi.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Invoisi ikusonyeza kuti mwezi wina matani 1,000 anapita kumalo osankhulira zinyalala, ndipo khonsolo inalipira £90,000 pa mzere umenewo. Ofesala wafufuta mtengo wa tani imodzi poti kampani yati n'chinsinsi, koma wasiya matani ndi ndalama zonse. Mwana wa sukulu agawa n'kupeza £90. Kufufuta kotere sikuteteza kanthu, kumangopatsa wopempha chifukwa chokukayikirani pa zina zonse. Musanafufute nambala iliyonse, dzifunseni ngati singapezeke kuchokera pa zomwe zatsala, kapena pa zomwe khonsolo inasindikiza kale. Kumbukirani kuti Local Government Transparency Code 2015 imalamula makhonsolo kusindikiza malipiro aliwonse opitirira £500 ndi tsatanetsatane wa makontrakiti opitirira £5,000, ndipo matani a zinyalala amaperekedwa ku boma nthawi ndi nthawi. Chomwe chili kale pabwalo sichingakhale chinsinsi.

Chachiwiri ndi msinkhu wa nambalayo. Mtengo womwe unapikisanidwa chaka chatha ungathandizedi wopikisana ngati tenda ina yofanana nayo ili pafupi. Mtengo womwe unagwirizanidwa zaka khumi zapitazo, mafuta, malipiro a antchito ndi msonkho wa kudzala zitasintha kambirimbiri, suuza wopikisana zambiri. Pa kontrakiti ya zaka 26 tenda yotsatira ya khonsolo yomweyo ili kutali zedi, choncho kampani ikafuna kunena za kuwonongeka iyenera kuloza ma tenda a makhonsolo ena omwe ikupikisanako, ndi kusonyeza kuti mitengo yake kumeneko imamangidwa mofanana.

Apa ndi pomwe makalata ambiri okana amagwera. Pa mlandu wa Derry City Council mu 2006, wokhudza mgwirizano wa khonsoloyo ndi kampani ya ndege ya Ryanair pa bwalo la ndege, tribunal inakana kumvera khonsolo ikulosera m'malo mwa kampani za momwe kampaniyo ingavutikire. Ngati mukuti kampani ivulala, umboni uchokere kwa kampaniyo, kapena pa zomwe mukudziwadi kuti ndi nkhawa zake. Mlandu womwewo unatsekanso njira ina yomwe ambiri amathamangirako, ya gawo 41 la Freedom of Information Act, la zinthu zoperekedwa mwachinsinsi. Kontrakiti yosainidwa si chinthu chomwe khonsolo inalandira kwa wina. Inaipanga nawo. Gawo 41 lingagwire pa tebulo la luso kapena la ndalama lomwe kampani inabweretsa lokha n'kulimata kumapeto, koma osati pa ndime zomwe mbali ziwiri zinakambirana.

Choncho kalata yopita ku kampani ilembedwe mothina. Itchule tsiku lomaliza kuyankha, losiyira khonsolo mpata mkati mwa masiku 20 ogwira ntchito omwe ili nawo oyankhira wopempha. Ipemphe kampani kuti itchule tsamba ndi ndime, inene yemwe angagwiritse ntchito nambalayo, pa mpikisano uti, ndiponso mwanjira yanji. Inenenso poyera kuti chisankho n'cha khonsolo. Yankho loti kontrakiti yonse ndi yachinsinsi malinga ndi ndime yakuti si umboni, ndipo kulikopera m'kalata yokana n'kudzitchera msampha. Ndime ya m'kontrakiti singafafanize lamulo la Nyumba ya Malamulo.

Kusankha lamulo loyenera kumasinthanso zotsatira, ndipo pa zinyalala ambiri amalakwitsa poyambira pomwe. Akayankha pansi pa gawo 43 pomwe nkhani ndi yachilengedwe, kalata yonse imagwa ikafika kwa Commissioner. Pansi pa gawo 43 n'zokwanira kusonyeza kuti pali chiopsezo chenicheni ndi chachikulu cha kuwonongeka. Pansi pa regulation 12(5)(e) ya Environmental Information Regulations muyezo ndi wokwera: muyenera kusonyeza kuti nkhaniyo ndi yamalonda, kuti chinsinsi chake n'chozindikiridwa ndi lamulo, kuti chikuteteza phindu lachuma lovomerezeka, ndi kuti kuulula kudzachiwonongadi, osati mwina. Pamwamba pake malamulowa amalamula kuti sikelo iyambe itapendekera kale ku kuulula. Ndipo ngati nkhani ndi ya utsi kapena zina zotuluka m'ng'anjo kupita mumpweya, m'madzi kapena m'nthaka, regulation 12(9) imachotseratu chifukwa cha chinsinsi cha malonda. Pa kontrakiti yokhala ndi ng'anjo, masamba otere ayenera kupatulidwa poyamba penipeni.

Kanthu kena kakang'ono koma kopweteka. Pa Freedom of Information khonsolo ingakane pempho lomwe ntchito yake ipitirira £450, omwe ndi maola 18 pa £25 ola limodzi. Maola amenewa ndi ofufuzira, kupeza ndi kutulutsa chidziwitso. Nthawi yowerenga masamba ndi kufufuta siwerengedwa. Kontrakiti ya PFI yokhala ndi zowonjezera makumi angapo imapezeka m'mphindi zochepa chifukwa ili pa shelefu imodzi, koma kuifufuta kumadya masabata, ndipo malire a £450 sakupulumutsani. Pa gawo 26, loona mabuku lija, malire amenewa kulibe n'komwe, ndipo yemwe sakukhutira ndi yankho lanu sapita kwa Commissioner, amapita ku High Court. Kulakwitsa pakhomo limeneli kumadula kuposa pa ena awiri aja.

Ntchito yomwe inayenera kuchitika tsiku losaina

Mukaunika nkhani ya Nottinghamshire mobwerera m'mbuyo, mupeza kuti mafunso onse omwe anadya nthawi yoposa chaka m'makhoti akanatha kufunsidwa patebulo la zokambirana. Makontrakiti a PFI amakhala ndi chowonjezera chotchula zinthu zomwe mbali ziwiri zagwirizana kuti n'zachinsinsi cha malonda. Vuto n'lakuti chowonjezerachi chimalembedwa kumapeto, anthu atatopa, ndipo kampani imangothiramo mayina a zowonjezera zathunthu, nthawi yake n'kulemba kuti mpaka kontrakiti itatha. Mndandanda wothandiza umakhala ndi mizati itatu: ndime kapena tebulo lenileni, kuwonongeka komwe kukuopedwa, ndi tsiku lomwe chitetezocho chidzaunikidwenso. Mndandandawo sumanga manja a khonsolo pempho likabwera, koma umapatsa ofesala poyambira, ndipo umasonyeza Commissioner kapena khoti kuti nkhawayo si yopekedwa dzulo.

Kapangidwe ka zikalata nakonso kamathandiza. Ngati njira yowerengera malipiro yalembedwa ndi zilembo m'chowonjezera chimodzi, manambala olowa m'malo mwa zilembozo n'kukhala m'tebulo lapadera, ndiye kuti njirayo ingasindikizidwe yonse tsiku loyamba, mkangano n'kutsala pa tebulo limodzi. Chimodzimodzi ma invoisi: tsamba loyamba likhale ndi ntchito, ndalama zonse ndi zodulidwa, kuwerengera kwatsatanetsatane kukhale kumbuyo. Ndime yonena za mapempho a anthu itchule makomo onse atatu, osati awiri, ndipo ikakamize kampani kupereka msanga zolemba zomwe imasungira khonsolo. Izi n'zofunika chifukwa kampani yogwira ntchito ya khonsolo siili pansi pa Freedom of Information Act payokha. Anthu amafikira zolemba zake kudzera pa gawo 3(2)(b), lomwe limaona zosungidwa ndi wina m'malo mwa khonsolo ngati zosungidwa ndi khonsolo, ndipo kontrakiti ndiyo imayamba kuonedwa pofuna kudziwa kuti ndi zolemba ziti zimenezo. Kontrakiti ikakhala chete pa madandaulo a anthu kapena pa zolemba za miyezo, kampani idzati zimenezo n'zake.

Mkati mwa khonsolo, dipatimenti ya zachuma ndi ofesi ya mapempho ziyenera kuonana nthawi ya oditi isanatsegulidwe. Pempho la gawo 26 limafikira kwa owerengera ndalama, omwe sakhala ndi chizolowezi cha sikelo, pomwe fayilo yosonyeza zomwe zinafufutidwa kale ndi zifukwa zake ili ku ofesi ina. Makope awiri a kontrakiti imodzi ofufutidwa mosiyana akatuluka, wopempha amangowaika pamodzi n'kuwerenga zonse.

Pa makontrakiti atsopano lamulo lasuntha. Procurement Act 2023, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 24 February 2025, imalamula kuti kontrakiti yopitirira £5 miliyoni isindikizidwe, komanso kuti ikhale ndi miyezo ya kagwiridwe ka ntchito yosachepera itatu, yomwe zotsatira zake zimalengezedwa. Gawo 94 limalolabe kubisa chidziwitso chamalonda chosafunika kuululidwa, pokhapokha phindu la anthu onse pa kubisako litaposa. Sikelo ndi yomwe ija, kungoti tsopano iyenera kugwiridwa kontrakiti ikangosainidwa, wina asanapemphe. Makontrakiti akale sanalowe m'dongosolo limeneli. Boma linasiya kuyambitsa ma PFI atsopano mu 2018, koma omwe analipo akuyendabe, ndipo ya Nottinghamshire ikuyembekezeka kufika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2030. Pamene ikuyandikira kumapeto, mafunso akusintha: malo ndi makina zidzabwezedwa zili bwanji, ndalama zokonzera zinagwiritsidwadi ntchito, nanga zodulidwa zonse zinadulidwa? Mayankho ake ambiri ali mu financial model, chikalata chomwe chija khoti la apilo linachiona kuti n'choyenera chitetezo mu 2010, manambala ake ali aposachedwa. Manambalawo tsopano ali ndi zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo masiku 30 oona mabuku amatsegulidwa chaka chilichonse.